Mutu ndi "cabeza", nanga pamtima ndi pati?

Owerenga a tsamba lino la za umoyo, sabata ino ndabwera ndi nkhani yacilendo pang'ono. Ndifuna tiphunzireko maina a ziwalo za thupi m'Cisipanishi, cinenero ca ku Spain, Cuba, Mexico ndi maiko ambiri a ku South America. Ndidziwa kuti wina ku Kapata kapena ku Mchini wafunsa kale kuti, "Nanga Cisipanishi cidzandithandiza ciani ine?" Lezani mtima muwerenge, cifukwa nkhaniyi ikhudza zimene zimacitika inu mukakhala pa mpando kutsogolo kwa dotolo.

Cisipanishi cinalowa m'zipatala zathu kudzera mwa madotolo a ku Cuba. Dziko limeneli linayamba kutumiza magulu a madotolo ku Africa mu 1963, pamene gulu loyamba linapita ku Algeria, ndipo pambuyo pake Zambia nayenso analandirako. Mu 1999 anatsegula sukulu yaikulu ya udotolo ku Havana yophunzitsa ana a maiko ena. Ena mwa madotolo athu a Cizambia anaphunzira ku Cuba, ndipo asanagwire buku la udotolo anayamba aphunzira cinenero, pakuti maphunziro onse kumeneko ali m'Cisipanishi.

Ine sindinapiteko ku Havana. Nditangomaliza maphunziro anga ku Chainama, ananditumiza pa cipatala cina kumene kunali dotolo mmodzi yekha, wa ku Cuba. Anali munthu wodziwa nchito, wa manja opepuka pa opaleshoni, koma Cizungu cao cinali copelewera, ndipo pa Cinyanja anali kudziwa "zikomo" basi. Motero wodwala anali kukamba Cinyanja kapena Cinsenga, ine n'kumasulira m'Cizungu, iwo n'kuganiza m'Cisipanishi, yankho n'kubwerera njira yomweyo. Nditaona kuti mau ambiri akutayika m'njira, ndinagula kabuku ka ana a sukulu ndi kuyamba kulembamo liu lililonse limene adotolo anali kuchula poyang'ana wodwala.

Mano a m'kamwa ndi mano a ku Cuba

Coyamba cimene cinandikondweretsa n'cakuti Cisipanishi cimawerengedwa monga momwe calembedwera. Mavawelo ndi asanu, a, e, i, o, u, ndipo amamveka ngati athu a Cinyanja. Mau ena tiwadziwa kale osazindikira, cifukwa Cisipanishi ndi pacibale ndi Cipwitikizi cimene makolo athu anabwerekako mau. Kalata iwo amati carta, nsapato amati zapato, makina ndi máquina, kama wogonapo ndi cama.

Koma kufanana kwina n'konyenga. Tsiku lina adotolo anafuna kuona dzanja la kamnyamata kamene kanagwa mu mtengo wa mango, nati, "La mano, la mano." Mwanayo anayasamula kukamwa konse ndi kuwaonetsa mano ake. Wodi yonse inafa nako kuseka. Mano m'Cisipanishi ndi dzanja. Mano athuwa iwo amati dientes, ndipo a kumbali otafunira nsima amati muelas. Kamwa ndi boca, kuchula kwake "boka", lilime ndi lengua.

Zilembo zocepa ndizo zifunika kusamala nazo. Cilembo h sicimveka konse, cotero hueso, fupa, timati "weso", ndipo hígado, ciwindi, timati "igado". Cilembo j ndico cimamveka ngati h wathu wocokera pakhosi: ojo, diso, ndi "oho", ndipo oreja, khutu, ndi "oreha". Mukaona ll muwerenge ngati y: rodilla, bondo, ndi "rodiya"; costilla, nthiti, ndi "kostiya"; tobillo, kakolo, ndi "tobiyo". Cilembo z anthu a ku Cuba amacichula ngati s, motero cabeza, mutu, ndi "kabesa", nariz, mphuno, ndi "naris", ndipo corazón, mtima, ndi "korason". A ku Spain amachula z lilime lili pakati pa mano, koma onse amamvana.

Pali cilembo cimodzi cimene azungu a ku England amavutika naco, koma ife tinabadwa naco. Ndi n wokhala ndi kamzere pamwamba, ñ, amene ndi ny wathu wa m'mau akuti nyama ndi Cinyanja. Impso ndi riñón, "rinyon". Cikhadabo ndi uña, "unya". Osanyozera kamzereko. Año ndi caka, koma ano wopanda kamzere ndi potulukira cimbudzi. Wofunsa zaka za wodwala ayenera kuchula bwino.

Cimene cinandizunza ine ndi l ndi r. Mudziwa kuti ife pa Cinyanja tikati "ndili" kapena "ndiri" palibe amene amadandaula. M'Cisipanishi n'zosiyana. Pelo ndi tsitsi, pero ndi "koma", ndipo perro, wogudubuza lilime, ndi galu. Tinali ndi mwana wodwala matenda osowa zakudya m'thupi, tsitsi litafiira ndi kupyapyala, ndipo pofuna kuonetsa nzeru zanga zatsopano ndinauza adotolo kuti aone perro. Iwo anawerama n'kuyang'ana kunsi kwa bedi. Enanso osokoneza ndi awa atatu: hombro ndi phewa, hombre ndi mwamuna, hambre ndi njala.

Pofotokoza ululu, Cisipanishi cili pafupi ndi ife kuposa Cizungu. Mzungu amakamba ngati kuti kuwawa kwa mutu ndi katundu amene wanyamula. Wa ku Cuba amati "Me duele la cabeza", ndipo mukatsata liu ndi liu mupeza kuti ndi cimodzimodzi ndi "mutu ukundiwawa". Ziwalo zikakhala ziwiri amaonjeza n: "Me duelen los ojos", maso akundiwawa. Funso limene ndinali kulimva kangapo pa ola ndi lakuti "¿Dónde le duele?", pakukuwawani ndi pati, ndipo yankho lake ndi aquí, "aki", kutanthauza apa. Kumanja ndi derecha, kumanzere ndi izquierda. Tiziwalo tonse tili ndi el kapena la patsogolo, el ojo, la cabeza, ndipo izi mumangoloweza, monga mlendo amalowezera kuti timati mutu wanga koma dzanja langa.

Zonsezi munthu angaziphunzire m'masabata awiri. Ine ndinadzaza masamba khumi ndipo ndinayamba kudzimva. Vuto linabwera kumene sindinali kuyembekezera.

Ambuya a mtima

Kunabwera ambuya ena a zaka za m'ma 60, atayenda mtunda ndi mdzukulu wao. Ndinawafunsa cimene cawabweretsa, nati, "Mwana wanga, mtima wanga uwawa. Miyezi itatu tsopano. Usiku sindigona." Ine mosacedwa ndinatembenukira kwa adotolo ndi kunena kuti, "Le duele el corazón." Ndinanyadira kuti ndakamba ciganizo cathunthu copanda colakwa.

Adotolo anamvetsera pacifuwa, anapima BP n'kupeza kuti yakwerako pang'ono. Panja panali mzere wa anthu ofika pa khonde. Poganiza kuti ndi mitsempha ya mtima imene yayamba kucepa, monga zimacitikira okalamba, analemba mankhwala a BP ndi kaaspirini kakang'ono ka tsiku ndi tsiku, kamene kamathandiza kuti magazi asaundane. Ambuya anathokoza napita.

Patapita masiku khumi anabwera nao pa ngolo. M'maso ndi m'manja munali mutayera, sanali kutha kuimirira, ndipo mdzukulu anati cimbudzi cao cakhala cakuda ngati phula. Apa adotolo sanandifunsenso ine. Anagwira dzanja la ambuya nati, "¿Dónde? Con el dedo," kutanthauza kuti pati, lozani ndi cala. Ambuya anaika cala pansi pa fupa la pacifuwa, pamene nthiti zimasiyana, pamwamba pa mcombo. "Apa, pamtima."

Malo amenewo m'Cisipanishi ali ndi dzina lake, la boca del estómago, pakamwa pa cifu. Mtima weniweni, uja upopa magazi, uli pamwamba pake, kuseri kwa fupa la pacifuwa capakumanzere. Ambuya anali ndi cilonda ca m'cifu, anali kumwanso mapilisi a ululu ogula pa kantemba, ndipo aspirini imene tinaonjeza inakanda cilondaco mpaka cinayamba kukha magazi. Tinawapatsa magazi mabotolo awiri ndi mankhwala a cilonda, ndipo anacira. Koma usiku umenewo sindinagone. Liu limene ndinachula linali lolondola m'kabuku kanga, mtima ndi corazón, koma ambuya sanali kukamba za ciwalo cimeneco.

Ife tikati mtima timakamba zinthu zambiri. "Mtima uwawa" angakhale munthu wa cilungulira, wa cilonda ca m'cifu, kapena wofedwa amene cisoni camugwira. "Mtima ukuthamanga" angakhale wa magazi ocepa kapena wa mantha. Wina akati "mtima wanyansidwa" akutanthauza mseru. Amene akumasulira ayenera kufunsa kawiri asanapereke liu limodzi kwa dotolo.

Pano ndicenjeze mwamphamvu, kuti wina asatenge nkhani ya ambuya n'kuganiza kuti ululu wonse wa pamtima ndi cifu. Nthawi zina zimakhala mosiyana. Mtima weniweni ukasowa magazi, ululu wake umamveka ngati cinthu colemera cakhala pacifuwa, ungatsikire pamtima pomwepo, kapena kupita ku mkono wa kumanzere, kukhosi ndi ku nsagwada. Munthu amatuluka thukuta lozizira ndi kubanika. Ngati atate kapena amai a kunyumba ali ndi BP kapena shuga ndipo amva zotere, musawapatse soda kapena mkaka n'kudikira kuti kuce. Pezani galimoto nthawi yomweyo. Cilonda ca m'cifu cimayaka ngati moto, cimasintha munthu akadya kapena akakhala ndi njala, ndipo cimacizika. Mu 1982 madotolo awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anapeza kacilombo kamene kamayambitsa zilonda zambiri zotere, ndipo masiku ano tili ndi mankhwala okapha.

Pamene zinenero zimadula thupi mosiyana

Citacitika ca ambuya, ndinabwerera ku kabuku kanga ndi maso ena. Ndinaona kuti cinenero ciliconse cimagawa thupi m'njira yake. Pena tigwirizana: dedo ndi cala ca kudzanja ndiponso ca kuphazi, monga kwathu. Pena iwo amasiyanitsa pamene ife m'tauni timaphatikiza. Ambiri amati "mwendo" ngakhale bala lili ku phazi, koma kwa iwo pierna ndi mwendo, pie ndi phazi, brazo ndi mkono, mano ndi dzanja. Khutu la kunja, limene amai amaboola kuikapo ndolo, ndi oreja, koma la m'kati lomvera, limene limatuluka mafinya mwa ana, ndi oído.

Khosi ndilo lofunika kwambiri. Mai akati "mwana khosi limuwawa", dotolo wa Cisipanishi ali ndi mau atatu oti asankhepo. Garganta ndi pakhosi pomezera. Cuello, "kweyo", ndi khosi lonse la kunja. Nuca ndi kumbuyo kwa khosi, pansi pa nkhongo. Zilonda za pakhosi zingadikire mpaka m'mawa. Koma mwana wotentha thupi, mutu ukuwawa, amene khosi lauma kumbuyo moti sangathe kugunditsa cibwano pacifuwa, angakhale ndi matenda oumitsa khosi, amene amapha m'masiku ocepa. Ameneyo ndi wothamanga naye usiku womwewo.

Cifuwa naco n'cimodzimodzi. Kwa ife cifuwa ndi malo a pathupi, ndi kutsokomola, ndiponso ndi TB tikaonjeza kuti cacikulu. Iwo malo amati pecho, kutsokomola amati tos, mapapo amati pulmones. Munthu akangoti "ndili ndi cifuwa" sanauze dotolo kanthu. Nenani ngati mukutsokomola, kwa masiku angati, ngati makhololo ali ndi magazi, ngati mukutuluka thukuta usiku ndi kuonda. Cifuwa copitirira masabata awiri cifunika kupimitsa makhololo, ndipo mankhwala a TB m'zipatala za boma ndi aulere.

Nanga mimba? Barriga ndi mimba yonse monga tiionera kunja, estómago ndi cifu, intestinos ndi matumbo, útero ndi cibaliro, ndipo mai wapakati amati ali embarazada. Kwa ife liu limodzi lakuti mimba linyamula zonsezi, ndipo manyazi amaonjezera cisokonezo. Mtsikana amati "m'mimba mukuwawa" pamaso pa apongozi kapena amalume amene amuperekeza, osachula kuti wadumpha mwezi. Mai aliyense amene sanasambe mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo akumva ululu m'munsi mwa mimba mbali imodzi, akuona timagazi, akucita cizungulire, mwina ndi phewa lomwe kuwawa, angakhale ndi mimba yokhala m'njira ya mazira m'malo mwa m'cibaliro. Njirayo ikaphulika magazi amatayikira m'kati, osaoneka kunja. Ndikaona wodwala wotere ndimapempha operekeza kuti ayambe atuluka.

Abambo naonso ali ndi liu lao lobisalamo, msana. M'Cisipanishi ndi espalda, ndipo ndi msana basi. Koma bambo akatsitsa mau n'kunena kuti "msana wanga wafooka masiku ano", nthawi zambiri nkhani ili ya m'nyumba. Ndikanamasulira espalda, akanapita ndi mankhwala opaka, pamene cofunika cinali kupima shuga ndi BP, matenda amene kawirikawiri amafooketsa amuna.

Musaganize kuti izi n'za zipatala zosauka zokha. Mu 1980 ku Florida, m'dziko la America, mnyamata wa zaka 18 wa banja locokera ku Cuba anafika pa cipatala atakomoka. Acibale anati ali intoxicado, liu limene kwao limatanthauza kuti wadya kapena kumwa cinthu cimene camudwalitsa. A pacipatala analimva ngati liu la Cizungu lofanana nalo, lokamba za kuledzera ndi mankhwala osokoneza bongo, ndipo anamuthandiza monga wotero. Coonadi cinali cakuti magazi anali kukha mu ubongo. Pamene anazindikira panali patapita masiku, ndipo mnyamatayo anafa ziwalo manja ndi miyendo. Ngakhale pa botolo la mankhwala pali msampha: liu lakuti "once", limene m'Cizungu ndi kamodzi, m'Cisipanishi ndi 11.

Mukapita ku cipatala

Dotolo amene mudzakumana naye angakhale wa ku Cuba, wa ku Congo, wa ku India, kapena mwana wa ku Mongu amene Cinyanja anacidziwira pa msika ku Lusaka. Kwa onsewa, yambani ndi cala. Cala cimodzi, osati dzanja lonse lozungulira mimba, ndipo muciike pamene ululu unayambira, kenaka pamene wafika. Ululu umene unayamba pa mcombo n'kutsikira kumanja m'munsi umatiuza za apendikisi ngakhale wodwala asanakambe ciganizo. Pambuyo pa cala, nenani tsiku limene unayamba, ndi mtundu wake, kaya ukuyaka, kulasa, kupotokola kapena kulemera. Chulani mankhwala onse amene mwamwa kale, a pa kantemba ndi a zitsamba omwe. Sitidzakukalipirani, ndipo ngati wina akalipa, nenanibe.

Cina cimene ndimadana naco ndi kubweretsa mwana wa giredi 6 kuti amasulire matenda a amai ake cifukwa cakuti adziwa Cizungu. Palibe mai amene angakambe za kusamba kapena za kumaliseche kudzera m'kamwa mwa mwana wake. Pemphani anasi kapena munthu wamkulu amene mumamukhulupirira. Ndipo musanacoke, bwerezani mwa mau anu zimene mwauzidwa za kamwedwe ka mankhwala, kuti ngati pali polakwika pakonzedwe muli pomwepo.

Kwa acinyamata amene mufuna kuphunzira Cisipanishi, kaya cifukwa ca sukulu kapena kungocikonda, njira imene inandithandiza ndi iyi. Imani, gwirani ciwalo, cichuleni mokweza, kuyambira kumutu kutsika: cabeza, ojos, nariz, boca, cuello, hombros, pecho, barriga, espalda, rodillas, pies. Mau asanu pa tsiku akwanira. Mukawadziwa, ikani "me duele" patsogolo pa lililonse. Magazi ndi sangre, khungu ndi piel, kutentha thupi ndi fiebre, ululu ndi dolor. Mafoni a masiku ano amachula mau onsewa mukawafunsa, mwai umene ine ndinalibe.

Adotolo aja anakhala nafe zaka ziwiri. Nawonso anagula kabuku kao, ndipo pofika nthawi yocoka anali kudziwa mutu, mimba, msana ndi mwendo, ngakhale kuti "ng'ombe" anamulephera mpaka tsiku lomaliza. Wodwala akangochula mtima, iwo anali kuika colembera pansi, kukweza cala cao m'mwamba, n'kunena Cinyanja cao cosweka, "Amai, cala. Pati?"